Foni M'ndege: Bwanji Amatiletsa Kwinaku Akutigulitsa?

Pali funso limene takhala tikulimva kawirikawiri kwa anthu amene angobwera kumene ku ulendo wa pandege, kaya ndi ku Haji, ku sukulu kapena ku Joni. Ndege isadanyamuke, ogwira ntchito m'ndegemo amayenda mpando ndi mpando kuuza aliyense kuti azimitse foni kapena aiike pa airplane mode, ati mafunde ake angasokoneze zipangizo za woyendetsa. Koma ikangofika m'mwamba, anthu omwewo amalengeza mwansangala kuti muli intaneti ya Wi-Fi, wofuna alipire. Tsono ngati mafundewo ali oopsa, amalekeranji kuopsa munthu akapisa m'thumba? Bambo ena achikulire, amene adzukulu awo timawaphunzitsa ku madrasa, adatiuza mosapsatira mawu kuti kwa iwo kumeneku ndi kuba kwa anthu ophunzira.

Funsoli silachibwana ayi. Ntchito yathu ndi ya choko ndi bolodi, koma mphunzitsi akafunsidwa sayenera kungogwedeza mutu, choncho tidaifufuza nkhaniyi. Tidapeza kuti bambo aja adaphonya pa za mafunde, koma pa za ndalama ali ndi mfundo yoti timve.

Tiyambire panyanja, poti ambiri a ife timaidziwa bwino. Asodzi amene amachezera usiku pakati pa nyanja amadziwa kuti ukatalikira kumtunda timizere ta netiweki timachepa, ndipo batire limatha msanga ngakhale usadayimbire munthu. Chifukwa chake n'chakuti foni ikaona kuti nsanja ili kutali imawonjezera mphamvu, monga momwe munthu amakwezera mawu poitana mnzake amene ali kugombe. Pa netiweki yakale ya GSM, imene mafoni athu amabatani amadalira, foni imatha kufika pa mawati 2 pofuulapo. Wi-Fi siitero. Iyo idapangidwa kuti izilankhula ndi kabokosi kapafupi, ka m'nyumba momwemo, ndipo mphamvu yake nthawi zambiri imakhala cha pa gawo limodzi mwa magawo 10 a wati imodzi. Kumeneko ndiye kunong'onezana kwa anthu okhala m'bwato limodzi. Munthu akaika foni pa airplane mode amaitseka pakamwa kuti isafuulire nsanja za pansi. Akatsekula Wi-Fi pambuyo pake, amangoilola kunong'oneza kabokosi kamene kali kudenga kwa ndegeyo, mamita ochepa chabe kuchokera pampando wake.

Nanga kufuulako kumalakwanji? Ndege yaikulu imauluka pa mtunda wa makilomita 10 kapena 12 kuchokera pansi, ndipo imatha kunyamula anthu 300. Taganizani mafoni 300 onse akusakasaka nsanja ndi mphamvu zawo zonse m'kati mwa chimphika chachitsulo chodzaza ndi mawaya. Kuti timve chimene chingachitike sitifunika kupita kutali. Kodi simudamvepo ku msikiti tsiku Lachisanu, khutuba ili m'kati, chinkuzamawu n'kuyamba kuti tititi-tititi, ndipo patangopita kamphindi foni ya wina wa pamzere woyamba n'kulira? Phokoso lija ndi mafunde a foni amene alowerera m'mawaya a chinkuzamawu. Oyendetsa ndege ena akhala akudandaula za phokoso lomwelo m'zomvera zawo zam'makutu. Ku msikiti timangoyang'anana mwamanyazi, mwini foni n'kuizimitsa. Koma woyendetsa amene akutera m'chifunga, akumvetsera nambala zimene akuuzidwa ndi a pansanja ya pabwalo, alibe mpata woti abwerezeredwe kawiri katatu.

Tinene chilungamo: palibe ngozi ya ndege imene ofufuza adatsimikiza kuti idachitika chifukwa cha mafunde a foni ya wokwera. Ena akamva zimenezi amati basi, lamulolo n'lachabe. Ife sititero. Anthu a za ndege sadikira kuti maliro achitike ndiye aike lamulo, ndipo chimene akutipempha n'kungodina kabatani kamodzi.

Chidatidabwitsa n'chakuti lamulo lodziwika kwambiri loletsa kuyimba foni m'mwamba silidachokere kwa anthu a za ndege. Lidaikidwa mu 1991 ndi bungwe la FCC, limene limayang'anira mafunde a wailesi ndi mafoni ku America, ndipo cholinga chake chidali kuteteza netiweki ya pansi. Foni ikakhala pansi imaona nsanja imodzi kapena zingapo zapafupi, poti mapiri ndi nyumba zimatchinga zina. Ikakhala m'mwamba palibe choitchinga. Imafikira nsanja zambirimbiri nthawi imodzi, kwinaku ikuthamanga pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola, ndipo imasokoneza anthu ena amene akuyimbirana pansi.

Wi-Fi nayo sidangololedwa mwachisawawa. Mtundu uliwonse wa ndege umayesedwa kaye. Mu 2012 kampani ya Boeing idaulula kuti poyesa m'mene mafunde a Wi-Fi amayendera m'ndege yodzaza, idakhazika m'mipando matumba a mbatata ya kachewere olemera makilogalamu pafupifupi 9,000 m'malo mwa anthu. Akatswiri adapeza kuti mbatata imamwa ndi kubweza mafunde mofanana ndi thupi la munthu, ndiponso siidandaula ikakhala pampando masiku angapo. Tikamawauza ana ku madrasa nkhani imeneyi amaseka mpaka misozi, ena n'kumafunsa kuti mbatatayo idadyedwa ndi yani. Koma kuyesa kotereku kudatulukirapo vuto lenileni. Mu 2011, poyesa Wi-Fi pa ndege za Boeing 737 zili pansi, magalasi ena oonetsa woyendetsa liwiro ndi mtunda, opangidwa ndi kampani ya Honeywell, adazima kwa kanthawi. Mu 2014 bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, lidalamula kuti magalasi amtundu umenewo asinthidwe pa ndege zoposa 1,300. Bungwe lomweli ndi limene mu October 2013 lidalola kuti okwera azigwiritsa ntchito mafoni awo kuyambira ponyamuka mpaka potera, malinga akhale pa airplane mode ndipo ndegeyo ikhale yoyesedwa. Maiko a ku Ulaya adatsatira posakhalitsa.

Mkangano waukulu wa posachedwapa sudali wa mafoni a okwera, udali wa nsanja za pansi. Mu January 2022 makampani a AT&T ndi Verizon adafuna kuyatsa netiweki ya 5G ku America pa mafunde a pakati pa 3.7 ndi 3.98 GHz. Pafupi pomwepo, pa 4.2 mpaka 4.4 GHz, ndi pamene pamagwirira ntchito kachipangizo kamene kamauza woyendetsa kutalika kwa ndege kuchokera pansi ikamatera. Mantha adali oti nsanja zoyandikana ndi mabwalo a ndege zingakanamize kachipangizoka. Makampani a Emirates, Air India, Japan Airlines ndi ANA adaimitsa maulendo ena opita ku America, mpaka eni mafoni adavomera kuchedwetsa kuyatsa nsanja za pafupi ndi mabwalo. Makampani a ndege sataya ndalama za matikiti chifukwa cha nthano.

Tsopano tibwere ku ndalama, kumene kudali kowawa kwa bambo aja. Kabokosi ka kudenga kaja sikapanga intaneti pakokha. Kayenera kuitenga kwina, ndipo njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi nsanja zapadera za pansi zoloza kumwamba, monga zimene kampani ya Gogo idayamba nazo mu 2008 pa ndege za American Airlines. Njira imeneyi imathera pamene mtunda wathera, chifukwa panyanja yamchere palibe pozika nsanja. Yachiwiri ndi setilaiti. Masetilaiti akale ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba. Uthenga wanu umachoka m'ndege kukwera kumeneko, n'kutsikira pansi, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo, ulendo wonse n'kutenga nthawi yoposa theka la sekondi. Mpata wochepa umene ulipo mumagawana ndege yonse, ngati mjigo umodzi m'mudzi wa mabanja 300. N'chifukwa chake anthu ambiri amalipira koma n'kutsika akudandaula kuti chithunzi chimodzi chidakanika kutseguka. Pamsana pa ndege amaikapo chinunda chobisa mlongoti wolozera setilaiti, ndipo chinundacho chimalimbana ndi mphepo, ndege n'kumamwa mafuta ochulukirapo. Masiku amene ndege yaima poikidwa zipangizozi siinyamula munthu. Zonsezi ndi ndalama, ndipo wina ayenera kuzibweza.

Oyamba kuyesa malondawa adapsa nawo. Boeing idayambitsa intaneti yotchedwa Connexion mu May 2004 pa ndege ya Lufthansa yochoka ku Munich kupita ku Los Angeles, pamtengo wa madola 29.95 pa ulendo wautali. Ogula adali ochepa, poti nthawi imeneyo munthu ankafunika kunyamula kompyuta, mafoni amakonowa kudalibe. Pakutha pa 2006 ntchitoyo idatsekedwa.

Zinthu zasintha ndi masetilaiti atsopano oyenda m'munsi, monga a Starlink, amene ali pa makilomita pafupifupi 550 okha. Dzinali ambiri talimva chifukwa lidafika kuno ku Malawi mu 2023. Popeza ali pafupi ndipo ndi ochuluka, uthenga suchedwa. Qatar Airways idayamba kuika Starlink m'ndege zake mu October 2024 ndi kulola okwera kugwiritsa ntchito osalipira. Ku America, JetBlue idayamba kupereka Wi-Fi yaulere mu 2013, ndipo Delta idayamba mu 2023 kwa anthu olembetsa m'kaundula wa makasitomala ake. Mawu oti zaulere tiwamve mwanzeru. Mtengo uja sudasowe, udangosamukira m'tikiti, kapena m'zotsatsa malonda zimene mumaonetsedwa, kapena m'dzina ndi keyala yanu zimene mumapereka polembetsa. Sitikunena kuti n'zoipa, koma ndi malonda ndithu, si sadaka.

Kwa ife a kuno nkhaniyi imalemera chifukwa mitengo yonse imakhala m'madola. Mu 2024 dola imodzi ku banki idali pafupifupi K1,750. Ndiye kuti intaneti ya madola 10 idali K17,500, ya madola 20 idali K35,000, yothera m'maola ochepa munthu ali chikhalire pampando. Ndipo tikudziwa m'mene ndalama za paulendo zimapezekera m'mabanja mwathu: wina wagulitsa mbuzi, wina wapereka phindu la usipa, mlongo wa ku Joni watumiza kangachepe. Ndalama zotero zili ndi eni ake ambiri ngakhale zili m'thumba la munthu mmodzi.

Choopsa kwambiri si mtengo wolembedwa, koma umene munthu sadauwerenge. Mu November 2014 munthu wina wa ku Canada adakwera ndege ya Singapore Airlines kuchoka ku London kupita ku Singapore. Adagula bandulo ya 30 MB pamtengo wa madola pafupifupi 29, koma potsika adapeza ngongole ya madola 1,171. Bandulo itatha intaneti sidaduke, idapitiriza kuwerengera pamtengo wina wokwera, mwini wake osazindikira. Ameneyu adali munthu wodziwa Chingerezi ndi makompyuta. Nanga agogo athu amene foni yawo ili m'magulu asanu a WhatsApp, lililonse likutumiza mavidiyo odzitsitsa okha? Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musadalipire funsani ngati mukugula nthawi kapena bandulo, ndiponso chimene chichitike ikatha. Makampani ambiri ali ndi gawo lotsika mtengo la mauthenga olemba okha, ena amalipereka ulere, ndipo kwa munthu wongofuna kudziwitsa kwawo kuti ali bwino limeneli n'lokwanira.

Pali msampha winanso umene ambiri saudziwa. Ndege zina zili ndi kansanja kakang'ono ka mafoni m'kati mwake momwemo. Emirates ndiyo idayamba kulola anthu kuyimba motere mu March 2008, pa ulendo wochoka ku Dubai kupita ku Casablanca. Popeza kansanjako kali pafupi, foni siifuula, choncho oyendetsa alibe nako vuto. Koma kampani yanu ya foni imawerenga ngati muli m'dziko lachilendo, ndipo mitengo yake ndi yoluma. Foni imene ili yololedwa kugwira ntchito kunja, ikasiyidwa osaikidwa pa airplane mode, itha kudzilumikiza yokha ku kansanjako n'kuyamba kudya mayunitsi ili m'thumba. Apa mpamene tidaona kuti kabatani kamene bambo aja ankakakayikira ndi komwe kamawatetezera ndalama zawo.

Akubanso adafika m'mwambamo. Mu 2024 apolisi a ku Australia adamanga munthu amene ankakwera ndege ndi kachipangizo kopanga Wi-Fi yabodza ya dzina lofanana ndi yeniyeni, ndipo olowapo ankapemphedwa kulemba mawu awo achinsinsi a Facebook kapena a imelo. Ngati mwaganiza zolowa, funsani wogwira ntchito m'ndege dzina lenileni la Wi-Fi yawo. Palibe chamanyazi pamenepo.

Koma chimene chatikhudza mtima kwambiri si mafunde kapena madola. Ndi anthu otsala kunyumba. Chiyambire kumveka mbiri yoti m'ndege muli intaneti, mabanja ambiri amayembekezera kuti wapaulendo azilankhula nawo njira yonse. Akangoti zii maola angapo, mayi sagona, mkazi amayamba kuyimbira achibale, ana amabwera ku madrasa maso ali gwa kunjira. Mantha amenewa sitiwaseka, chifukwa ali ndi gwero lake. Akuluakulu akukumbukirabe ndege ya Wenela imene idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu April 1974, n'kupha amuna 74 a dziko lino amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Mabala otero sapola msanga m'mudzi. Komabe tiyenera kudziwa kuti si ndege zonse zili ndi Wi-Fi, makamaka zing'onozing'ono za maulendo aafupi. Ndipo ngakhale ilipo, imatha kuduka, kapena khadi la ku banki limakana, kapena wapaulendoyo wangoona kuti K17,500 ikagwire ntchito ina kumene akupita. Kukhala chete kwake sikutanthauza kuti kwagwa zovuta.

Chimene ife timalangiza mabanja ndi kukhala pansi tsiku loti mawa ndi ulendo. Wapaulendo alembe papepala nambala ya ndege, nthawi yonyamuka ndi nthawi yofika, pepalalo lisiyidwe kwa munthu mmodzi wodziwa kuwerenga. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi maola pafupifupi 2 ndi theka. Kupita ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi 4, ndipo kuchoka kumeneko kufika ku Jeddah sikupitirira maola 3, kupatula nthawi yodikira pabwalo. Tisaiwalenso kuti nthawi yofika yolembedwa pa tikiti ndi ya dziko limene ndege ikutera: ku Ethiopia ndi ku Saudi Arabia wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu, ku Dubai ndi maola 2, pamene ku Joni ndi chimodzimodzi ndi kuno. Mabwalo ambiri akuluakulu ali ndi Wi-Fi yaulere, choncho uthenga wa mawu awiri utha kudikira mpaka ndege itatera. Anthu omwewa timapirira masiku awiri mwana akakwera basi ya ku Joni, netiweki ikuduka m'malire monse. Maola anayi sangatikanike.

Kwa amene walipira kapena wapeza yaulere, pali za ulemu. Ife a kunyanja tidazolowera kulankhula mokweza, poti mawu amalimbana ndi mafunde ndi mphepo ya mwera, ndipo timakonda kutumizirana mauthenga a mawu kuposa olemba. M'ndege munthu wakhala phewa ndi phewa ndi mlendo amene mwina wagona, mwina wadwala, mwina ali ndi mwana wakhanda amene wangogona kumene. Makampani ambiri amaletsa kuyimba kwa mawu kapena kwa vidiyo ngakhale pa Wi-Fi, ndipo ku America nyumba ya malamulo idalamula mu 2018 kuti kuyimba m'ndege kuletsedwe. Chifukwa chake si mafunde ayi, koma mtendere wa oyandikana nawo.

Kwa opita ku Haji kapena Umra pali chinanso. Amene akutera ku Jeddah n'cholinga cholunjika ku Makka amadutsa malire a miqat ali m'mwamba, ndipo ayenera kukhala atavala kale ihram ndi kukonzeka kuchita niya. Ena amadalira foni kuti iwauze pamene afika. N'zoona kuti GPS imagwira ntchito ngakhale pa airplane mode, poti iyo imangolandira osatumiza kanthu, koma m'kati mwa ndege imavuta kugwira pokhapokha munthu atakhala pawindo. Chodalirika ndi mtsogoleri wa gulu lanu ndiponso chilengezo chimene ndege zambiri zonyamula anthu a Haji zimapereka pa chinkuzamawu. Munthu amene watseka makutu ndi timawaya, maso ali pa vidiyo ya ukwati wa kumudzi, sachimva. Chilengezocho chimabwera kamodzi kapena kawiri basi, ndipo pa mphindi imodzi yokha ndege imakhala itadutsa makilomita 15.